Kodi "nano siliva" wa mu sefa ya dongo amaphadi tizilombo?

Mayi wina wa ku Lizulu wanditumizira imelo yofunsa za sefa ya madzi youmbidwa ndi dongo, imene wogulitsa akuti ili ndi "nano siliva". Akufuna kudziwa ngati mawuwa ali ndi tanthauzo kapena ndi nyambo chabe yokopera ogula.

Amayi, tanthauzo lilipo: mawu oti "nano" akunena za muyeso wotchedwa nanomita. Mukagawa milimita imodzi m'magawo 1,000,000, gawo limodzilo ndiye nanomita, ndipo tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa pafupifupi mananomita 80,000. Siliva akaphwanyidwa kukhala tizidutswa tosaposa mananomita 100, mbali ya chitsulocho imene imakhala kunja, n'kumakhudzana ndi madzi, imachuluka, choncho siliva wochepa kwambiri wopakidwa pa mbiya ya sefayo amakwanitsa kuwononga mabakiteriya ochuluka.

Komabe ntchito yaikulu imagwiridwa ndi dongo lenilenilo. Njirayi anaitulukira Fernando Mazariegos wa ku Guatemala mu 1981. Woumba amasakaniza dongo ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga, ndipo mbiyayo ikamaotchedwa mu uvuni utuchi uja umapsa n'kusiya timabowo tosaoneka ndi maso, timene madzi amadontheramo pang'onopang'ono, kawirikawiri malita 1 mpaka 3 pa ola, pamene matope ndi mabakiteriya ambiri amatsala m'mbiyamo. Ife a kuno ku Dedza, kumene kuumba si kwachilendo, tingaganize kuti mtsuko uliwonse ungagwire ntchitoyi, koma sizili choncho, chifukwa muyeso wa utuchi ndi kutentha kwa moto zikalakwika timabowo timakula mopitirira.

Chimene ogulitsa sakonda kunena n'chakuti mavairasi ambiri ndi aang'ono kuposa timabowoto, ndiponso siliva amakokoloka ndi madzi miyezi ikamapita. Choopsa kwambiri kwa ine ndi mng'alu, popeza ngakhale utakhala wochepa ngati ulusi umadutsitsa madzi osasefedwa. Mukaona kuti mbiya yayamba kutha madzi mofulumira kuposa kale, isiyeni ndithu.

Poitsuka gwiritsani ntchito bulashi yoyera ndi madzi osefedwa kale, popanda sopo. M'nyengo ya mvula, makamaka kolera akamveka m'dera lanu, wiritsani madziwo kapena thirani klorini, koma muthire m'chidebe cholandirira madzi osefedwa, osati m'mbiyamo.