Za Camaro Z/28 ya 1969 ija: musalipire musanaone nambala za pa injini

Achimwene, mwafunsa ngati Chevrolet Camaro ya 1969 imene mwaipeza ku America ndi Z/28 yeniyeni (mtundu wapadera wa Camaro wopangidwira liwiro), poti wogulitsa wangokutumizirani zithunzi za mizere ya pa boneti, mabaji ndi VIN (nambala ya chasisi). Amene akuyankhani kuti "VIN ikagwirizana ndi mapepala ndiye basi" akusokeretsani. Pa Camaro ya chaka chimenecho VIN sinena zoti galimoto ndi Z/28.

VIN ili pa dashibodi, imaoneka kudzera pagalasi lakutsogolo. Ikayamba ndi 12437 ndiye kuti inatuluka ndi injini ya V8, koma V8 iliyonse. Ikayamba ndi 12337 inali ya masilinda sikisi, nkhani yathera pomwepo, musataye nthawi. Kenako pali 9 ya chaka, ndi chilembo cha fakitale: N ndi Norwood ku Ohio, L ndi Van Nuys ku California. Mabaji ndi mizere zimagulidwa zatsopano ndi ndalama zochepa.

Tsegulani boneti, pakhoma lachitsulo lakuseri kwa injini pali kambale kotchedwa cowl tag. Pa galimoto za ku Norwood zopangidwa kuyambira cha pakati pa Disembala 1968 pamakhala X33 kapena X77 ikakhala Z/28. Mukaona X11 kapena X44, si iyo. Za ku Van Nuys ndi za ku Norwood zoyambirira zilibe zilembo zimenezi, choncho kusowa kwake sikutsutsa kanthu. Komanso timbale iti anthu amasindikiza tatsopano. Onani marivet ngati ndi atsopano kuposa chitsulo chowazungulira, ndiponso ngati pansi pa kambale pali penti yatsopano.

Pofunika kukhalitsa ndi pa injini. Z/28 ya 1969 inatuluka ndi injini imodzi yokha, V8 yotchedwa 302 (kukula kwake mu ma cubic inch). Kutsogolo kwa buloko, mbali yakumanja, pansi pa olitaneta, pali kamalo kosalala pamene anadindapo nambala. Muyenera kuona zonga V0226DZ: V ndi fakitale ya Flint, 0226 ndi 26 Febuluwale, DZ ndiye 302 imeneyi. Chidutswa cha VIN, choyamba ndi 19N kapena 19L kenako manambala sikisi omaliza, chimakhala pomwepo kapena pa chitsulo chokhakhala pafupi ndi fyuluta ya oyilo. Chikhalenso pa giyabokosi.

Koma chenjerani, apa ndi pamene anthu ambiri amadyeredwa ndalama. Munthu amatenga buloko wamba, nkupala kamalo kaja pamakina, nkudinda DZ. Pukutani penti ndi thinara pa kansanza, osati sandipepa kapena burashi yawaya chifukwa mufufuta umboni womwe mukuufuna. Unikani ndi tochi chammbali. Chitsulo cha kufakitale chili ndi timizere tating'ono towongoka, toyenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo kwa injini. Chopalidwa chimaonetsa timizere tokhota mozungulira, kapena chimasalala kopanda kamzere nkamodzi komwe. Akatswiri achinyengo amayesa kutengera ngakhale timizere towongokato, nchifukwa chake chithunzi cha pafoni sichokwanira kulipirira galimoto. Wogulitsa akakana kuti penti ichotsedwe pamenepo, ine ndingaisiye galimotoyo.

Masiku nawo agwirizane. Kumbuyo kwa buloko kuli tsiku limene anaiumba, monga B 12 9 kutanthauza 12 Febuluwale 1969. Tsiku limeneli likhale loyamba, lotsatira likhale lodindidwa pamodzi ndi DZ, lomaliza likhale la pa cowl tag, monga 03B, sabata yachiwiri ya Malichi. Injini singapangidwe galimoto itatuluka kale mufakitale. Nambala ya buloko ikhale 3932386, 3956618 kapena 3970010, komabe mabuloko omwewa ankapangiranso injini zina monga 350, ndiye payokha siyitsimikiza kanthu.

Zina nzofulumira kuona. Z/28 yonse ya 1969 inali ya magiya folo a pamanja a Muncie, mabuleki a disiki kutsogolo okhala ndi busita, ndi difu ya mabawuti 12. Ya otomatiki kunalibe, ya eyakoni yochokera kufakitale kunalibenso. Mukaona mabowo a eyakoni otsekedwa pakhoma lakuseri kwa injini lija, thupilo linali la Camaro ina. Palinso VIN zobisika, ina pansi pa chitsulo cha pa mawaipa, ina kuseri kwa hita. Pozungulira pake pakakhala powotcherera, mwina anasamutsa nambala kuchokera pa galimoto yowola, ndipo umenewo ndi mlandu, si nkhani ya mtengo chabe.

Chevrolet inapanga Z/28 zokwana 20,302 chaka chimenecho, koma kaundula wosonyeza zida zimene galimoto iliyonse yogulitsidwa ku America inatuluka nazo palibe, mosiyana ndi Pontiac ndi Ford zimene zili ndi malipoti a kufakitale otere (PHS ya Pontiac, Marti Report ya Ford). Zogulitsidwa zatsopano ku Canada zokha ndiye GM Canada, nthambi ya kumeneko ya kampani ya General Motors imene imapanga Chevrolet, ili ndi mbiri yake. Choncho funsani Protect-O-Plate, kachitsulo ka m'kabuku ka waranti kokhala ndi nambala za injini, giyabokosi ndi difu. Nakonso anthu amapanga kabodza, ndiye kayerekezeni ndi zimene zili pa galimotoyo.

Pa mtengo, yeniyeni yabwino yokhala ndi injini yake imayambira cha m'ma 70,000 madola mpaka kudutsa 100,000, yokopera (Camaro wamba yosinthidwa kuti ioneke ngati Z/28) imakhala pafupifupi theka lake. Yokopera si galimoto yoipa, imayenda bwinobwino, bola muigule pa mtengo wa yokopera. Lipirani katswiri wodziwa ma Camaro a zaka zimenezi, wosankha inuyo osati wogulitsa, akaione ndi maso nkukulemberani lipoti musanatumize ngakhale dipoziti.