Sukulu ya dzina kapena ya pafupi? Yankho kwa mayi amene anandilembera usiku

Imelo yanu inandipeza usiku, achemwali, ndipo sindinathe kuyiyankha nthawi yomweyo. Ndinayiwerenga kawiri, n'kuyika foni pansi. Mwati mwana wanu akwanitsa zaka 6 chaka chino, m'dera lanu muli sukulu ya boma imene anthu sayitama kwenikweni, koma kutsidya kwa mzinda kuli ina ya dzina imene mwapezako malo, ndiye mukufunsa kuti mumulembetse kuti. Funso lanu n'lalifupi, koma landibwezera ku chaka chimene mpaka lero chimandiwawa mumtima.

Mwana wanga wachisamba anali kamtsikana kolongolola. Ankayankhula ndi aliyense, ndi zidole zomwe, ndipo usiku ndinkachita kumupempha kuti nkhani zina atisungire mawa. Itakwana nthawi yoyamba sukulu, ine ndi bambo ake tinagwirizana kuti mwana wochangamuka chonchi sangapite kusukulu wamba. Panali sukulu ina kutali ndi kwathu imene dzina lake silinkasowa pakamwa pa makolo. Sindiyitchula, chifukwa aphunzitsi ake sanali anthu oyipa, komanso chisankhocho chinali chathu. Tinathamanga ndi mafomu, tinayima pamzere, mwana anamuyitana kukamufunsa mafunso, ndipo tsiku limene kalata yomulandira inafika ndinagwetsa misozi ya chimwemwe. Ndinkaona ngati tsogolo lake ndalikonza lonse tsiku limodzi.

Chimene sindinawerengere ndi msewu. Kuti afike belu lisanalire, ndinkamudzutsa 5 koloko isanakwane. Ndinkamusambitsa maso ali chitsinzire, n'kumuveka yunifolomu ngati ndikuveka chidole. Madzulo ankafika dzuwa litalowa, homuweki ikumudikira. Ankagonera pa kope, pensulo ili m'manja. Ine ndinkati azolowera, poti ana a anzathu akuchita zomwezo.

Teremu yachiwiri ili mkati, m'nyumba munayamba kuzizira. Nkhani zija zinatha. Ndikamufunsa kuti kusukulu kunali bwanji, ankangoti "bwino", basi. Anayambanso kukodzera pogona, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Lamlungu madzulo m'mimba munkamupweteka, koma Loweruka ayi. Zonsezi ndinkaziona, achemwali, koma ndinkazipezera zifukwa zina, chifukwa kuvomera kuti sukulu imene ndinayivutikira ikumupweteka mwana kunali kondilemera.

Chimene chinanditsegula maso ndi tsiku la makolo. Ndinakhala pansi ndi aphunzitsi ake, mayi aulemu ndithu, ndipo anandiwuza mondisangalatsa kuti mwana wanga ndi wachete, savuta, nthawi zina amayiwala kuti m'kalasi alimo. Wachete! Mwana amene kunyumba tinkachita kumuletsa kuyankhula. Pobwerera ndinamufunsa bwinobwino, ndipo ndi pamene anandiwuza kuti kusukulu salola chiyankhulo cha kunyumba, wochiyankhula amamulemba dzina. Tsiku lina anayesa kuyankha m'chiyankhulo cha sukulu, mawu anamusokonekera, anzake n'kumuseka. Kuyambira pamenepo anaganiza zongokhala duu. Mwana wa zaka 6 anasenza zimenezi yekha miyezi isanu, mayi ake ndili kalikiliki kunyadira dzina la sukulu.

Pa nkhani ya chiyankhuloyi ndiyankhula mosapsatira. Kufuna kuti mwana adziwe chiyankhulo cha ntchito ndi cha mabuku si kulakwa, inenso ndimafuna zomwezo. Koma kumulanga mwana wamng'ono chifukwa choyankhula chimene anayamwira ndi nkhanza, ngakhale zitalembedwa bwino bwanji m'malamulo a sukulu. Si maganizo anga okha. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, linanena kale mu 1953 kuti mwana amayamba bwino maphunziro m'chiyankhulo cha makolo ake, ndipo mpaka pano likunenabe zomwezo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuphunzira kuwerenga ndi kugwirizanitsa zilembo ndi mawu amene uli nawo kale m'mutu. Mwana amene akuphunzira kuwerenga m'chiyankhulo chimene sachimva akusenza akatundu awiri nthawi imodzi, ndipo ambiri amathera poloweza ngati chinkhwe, kutchula bwino koma osamva kanthu.

Za tulo nazonso ndinadzazimvetsa mochedwa. Madokotala a za tulo a ku America, mu malangizo awo a 2016, amati mwana wa zaka 3 mpaka 5 azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12. Nditawerengetsa, wanga ankagona osakwana maola 8. Ndinkalipira fizi kuti aphunzire, uku ndikumulanda tulo timene ubongo umafuna kuti usunge zimene waphunzirazo.

Chaka chitatha tinamuchotsa. Abale ena anatinena kuti tamubweza m'mbuyo mwana, ena anaganiza kuti ndalama zatithera. Tinamulembetsa pasukulu ya m'dera lathu, ulendo wa mphindi 15 wapansi. Penti inali itasuwa, bwalo linali la fumbi, ndipo ana m'kalasi anali ambiri kuposa kumene anachokera. Koma munali mphunzitsi wina wachikulire amene m'mawa uliwonse ankayima pakhomo n'kumapatsa moni mwana aliyense pomutchula dzina. Sabata yachitatu anandiyimitsa pageti n'kunena kuti, "Mayi, mwana wanuyu ali ndi nkhani zambiri, koma akuopa. Musadandawule, ndamupatsa ntchito yofotokozera anzake nthano Lachisanu lililonse." Pofika kumapeto kwa teremu, phokoso linali litabwerera m'nyumba mwanga. Kuwerenga kunabwera pambuyo pake, mwachangu ndithu.

Ndiye mukandifunsa lero, ndikuwuzani kuti kwa mwana wa zaka 5, 6 kapena 7, sukulu ndi mphunzitsi amene ali naye m'kalasi komanso msewu umene amayenda kuti akafike kwa mphunzitsiyo. Mpanda wokongola, basi yolembedwa dzina, zotsatira za mayeso a ana akuluakulu zimene amazipachika pageti, zonsezo amakonzera ife makolo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zotsatira za pageti zija nthawi zambiri zimakuwuzani za ana amene sukuluyo inasankha polandira, osati zimene inawachitira atalowa. Sukulu imene imasefa ana pakhomo, n'kumatenga okhawo amene kwawo kuli mabuku ndi owathandiza homuweki, singalephere kukhozetsa.

Apa ndiye pamene mtima wanga umatentha kwambiri. Mayeso olowera a ana a zaka 5 ndimadana nawo. Kamwana kakulowa m'chipinda chachilendo, pamaso pa anthu achilendo, n'kukafunsa mitundu ya zinthu ndi manambala. Kamene kagona bwino ndipo sikachita manyazi kakhoza, kamene kali ndi chimfine tsiku limenelo kalephera. Kodi pamenepo ayeza nzeru za mwana, kapena ayeza kunyumba kumene wachokera? Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, mu ndime 28, limati maphunziro a pulayimale akhale okakamiza ndi aulere kwa mwana aliyense. Aliyense, osati yekhayo amene anatchula bwino mtundu wa mpira. Mizinda ina ofuna malo akachuluka imachita mayere, ina imapereka malo potengera malire a dera kapena kuyandikira kwa nyumba. Njira zimenezi zili ndi zovuta zake, makamaka ya malire, chifukwa nyumba zoyandikira sukulu yotchuka zimakwera mtengo mpaka osawuka amakankhidwira kunja. Komabe sizimuwuza mwana wa zaka 5 kuti walephera asanagwire n'komwe choko.

Musandimve ngati ndikuti sukulu yapafupi iliyonse ndi yabwino. Ayi ndithu. Zilipo zimene aphunzitsi amajomba sabata yathunthu, zimene ana amakwapulidwa, zimene zimbudzi zake mwana amalolera kudzigwira tsiku lonse. Ngati ya m'dera lanu ili choncho, pitani kutali, ndipo ine ndidzakhala woyamba kukuyikirani kumbuyo. Kuchuluka kwa ana m'kalasi nako si nkhani yopepuka. Ku Tennessee, ku America, pakati pa 1985 ndi 1989 anachita kafukufuku wotchedwa STAR, amene anagawa ana mwa mayere, ena m'makalasi a ana 13 mpaka 17, ena a 22 mpaka 25, kuyambira kalasi ya mkaka mpaka chaka chachitatu. A m'makalasi aang'ono anachita bwino powerenga ndi pa masamu, ndipo amene anapindula kwambiri anali ana a m'mabanja ovutika. Choncho werengani mitu m'kalasi. Chimene ndikukana n'kuyiweruza sukulu musanapondemo, pongomva za anthu amene nawonso sanapondemo.

Za msinkhu woyambira

Simunandifunse izi, koma ndikudziwa kuti zikubwera, chifukwa makolo ambiri timathamangira kuti mwana ayambe msanga. Ku England ana ambiri amayamba sukulu ali ndi zaka 4. Ku Finland amayamba chaka chimene akukwanitsa zaka 7, atatha chaka chimodzi cha kukonzekera chimene mbali yayikulu ndi masewera, ndipo ana a kumeneko sadziwika ndi kutsalira powerenga. Kuyamba msanga si kufika msanga. M'kalasi imodzi mumatha kukhala ana osiyana pafupifupi chaka chathunthu, ndipo pa msinkhu umenewu miyezi 11 ndi yambiri zedi. Wamng'onoyo amaoneka ngati wogona pamene ali chabe wamng'ono. Ndaonapo makolo akusintha chaka chobadwa pa fomu kuti mwana alowe msanga, ena akulemba adiresi ya m'bale kuti aoneke ngati a m'dera la sukulu yotchuka. Chonde musatero. Mwana ndi amene amasenza bodzalo, chifukwa muyenera kumuphunzitsa choyankha akafunsidwa kumene amakhala.

Za mayina okopa pa zikwangwani

Mudzaona sukulu zambiri za mkaka zolembedwa Montessori. Maria Montessori anali dokotala wa ku Italy, ndipo sukulu yake yoyamba anayitsegula mu 1907 ku San Lorenzo, dera la anthu osawuka mu mzinda wa Rome, kuti isamalire ana amene makolo awo ankakhala kuntchito tsiku lonse. Njira yake inali yoti mwana azisankha yekha ntchito, azigwira zinthu ndi manja, ana a misinkhu yosiyana azikhala limodzi. Lero dzina lake aliyense amatha kulipenta pa khoma. Mukalowa n'kupeza tiana ta zaka 3 tili pa mizere tikukopera za pa bolodi maola awiri, dzinalo lilipo koma njirayo palibe.

Ndimakumbukiranso pulogalamu yofufuza za sukulu ya mkaka yotchedwa Perry, ku Ypsilanti m'chigawo cha Michigan ku America, imene inayamba mu 1962 ndi ana 123 a m'mabanja osawuka. Ena analowa sukulu ya mkaka, ena ayi, ndipo anawatsatira mpaka atakula. Pofika zaka 40, amene analowa aja ambiri anali atamaliza sekondale, ankapeza ndalama zochulukirapo, ndipo omangidwa anali ochepa. Koma taonani chimene chinali m'sukuluyo. Ana ankakhalamo maola awiri ndi theka okha m'mawa, mphunzitsi mmodzi ankasamalira ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo sabata iliyonse mphunzitsi ankapita kunyumba kwa mwana kukacheza ndi mayi ake. Nthawi zonse ndikaganiza za maulendo a kunyumbawo, ndimakumbuka mphunzitsi wachikulire uja akundiyimitsa pageti. Sukulu ikakhala kutali, kuyimitsana kotereku kulibe. Mwana amatsika m'basi, inu ndi mphunzitsi mumaonana kawiri pa chaka, ndipo anzake a m'kalasi amakhala kutali moti Loweruka alibe wosewera naye.

Tsono chochita ndi ichi, achemwali. Malo a kutsidyawo musawataye kaye, koma funsani tsiku lomaliza lotsimikizira, komanso tsiku lotsekera kalembera pasukulu ya m'dera lanu, chifukwa ambiri amataya malo pongochedwa. Konzeranitu chiphaso chobadwira cha mwana, khadi la katemera ndi umboni wa kumene mukukhala, poti zimenezi akhoza kudzazifunsa. Kenako pitani kusukulu zonse ziwiri tsiku wamba, osati tsiku lachionetsero, ndipo mupemphe ahedi kuti mukhale kumbuyo kwa kalasi yoyamba mphindi 20. Werengani ana, mverani ngati mphunzitsi akuwatchula mayina, onani chimene amachita mwana akalakwitsa, funsani za chiyankhulo ndi za chilango, lowani m'chimbudzi cha ana. Kwa ya kutsidyayo, apempheni akulembereni ndalama zonse za chaka, osati fizi yokha, ndipo mudzifunse ngati mungazikwanitse zaka zonse popanda kudzamuchotsa mwana pakati. Pomaliza yendani ulendowo m'mawa wa tsiku la ntchito, pa nthawi yeniyeni imene mwana azidzayenda, iyeyo ali nanu. Mukabwerako mundilembere, mundiwuze ola limene munamudzutsa ndi mmene nkhope yake inalili pofika pageti.