Ndiwotcherere kapena ndipane waya? Funso la mnyamata wa ku Kawale

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Kawale. Anapeza mapointi 36 pa MSCE, ndipo kwa miyezi isanu wakhala akuphunzira zamagetsi a njinga zamoto pa galaja ina ku Biwi. Abwana ake amawotcherera waya aliyense ndi mtovu, koma iye wamva pa YouTube kuti kupana waya ndi crimping tool, chida chofinyira kachitsulo kumapeto kwa waya, ndiye bwino. Bambo ake akuti asiye zodzipaka mafuta, akabwereze Fomu 4. Mnyamatayo akufuna kungothawa zonsezi, akatsegule pake.

Makalata otere sandisowa, mphwanga, koma iwe wafunsa funso la mmisiri, ndiye tiyambire pomwepo.

Njinga ya kabaza imanjenjemera kuyambira m'mamawa mpaka usiku, m'mabampu a ku Chinsapo ndi ku Mtandire. Mtovu ukasungunuka umalowerera pakati pa tiwaya ta mkuwa, malo amenewo n'kuuma gwa ngati msomali. Pothera mtovu m'pomwe waya amapindikira tsiku lonse, mpaka amadukira mkati pulasitiki wakunja ali bwinobwino. Nyali yayamba kuphethira, wakabaza wabweranso atakwiya, iwe n'kumanamizira batire. N'chifukwa chake kufakitale mawaya a njinga amachita kupana.

Koma kupana kwake si kofinya ndi pulayala ayi. Kumeneko n'kuwononga, bola kuwotcherera kwa abwana ako. Pamafunika chopanira chenicheni, terminal (kachitsulo kovekera kumapeto kwa waya) yolingana ndi kukula kwa waya, ndipo ukapana ukoke mwamphamvu. Ikasololoka, dula uyambirenso. Pamwamba uveke heat shrink, kachubu kapulasitiki kamene kamagwira waya zolimba ukakatenthetsa, chifukwa tepi imamatuka ndi kutentha ndi mafuta. Usathire mtovu pa waya amene ukufuna kupana, amadzakhwefuka. Kuwotcherera usakutaye, kumafunikabe m'maswitchi ena ndi pa stator (makoyilo opanga magetsi mu injini), koma flux yake, mankhwala othandiza mtovu kugwira, ikhale ya rosin (utomoni), ya asidi imadya mkuwa.

Kwa bambo: mwana wanu akufunsa chifukwa chimene waya amadukira, inu mukuona manja akuda okha? Zimandipweteka. Kubwereza Fomu 4 mokakamizidwa sikutembenuza 36 kukhala 12. Ndalama ya fizi imeneyo mugulireni multimeter yoyezera magetsi ndi chopanira.

Iwenso zotsegula pako iwala kaye. Miyezi isanu n'chiyani? Kodi ungatsate wiring diagram (chithunzi cha mmene mawaya ayendera) ya njinga ya Boxer wekha, n'kupeza ngati vuto lili pa regulator (kachipangizo kowongolera mphamvu ya magetsi) kapena pa stator osangosinthasintha zipangizo? Ngati ayi, udzangowotcha njinga za eni. Khala pomwepo chaka china. Abwana usawatsutse pamaso pa makasitomala. Pana waya mmodzi, uwapatse akoke okha.

Kenako pita ku TEVETA ndi ku Lilongwe Technical College ukafunse za maphunziro a zamagetsi a galimoto ndi mayeso a trade test. Ukakhoza mayesowo undilemberenso, tidzakambe za malo ako.