Funsani Mmisiri: Girini woderako pabalaza

FUNSO: Bambo mmisiri, tamaliza kumanga nyumba yathu ku Luwinga ndipo pulasitala anathira kale. Ine mtima wanga uli pa penti wa girini woderako, uja wonga masamba a khofi, koma bambo a kunyumba akuti pabalaza padzakhala mdima masanasana, tingopaka kirimu basi. Apongozi nawonso ali mbali ya mwana wawo. Nditani?
Mayi wa ku Luwinga, Mzuzu

YANKHO: Mayi, mtundu umenewo ine ndimaukonda, ndipo ndikuti pakani. Komabe bambowo sakunama ayi. Penti wakuda amameza kuwala, ndiye kwathu kuno mu Juni ndi Julaye chifunga chimatha kutsekereza dzuwa mpaka masana. Mukazunguliza makoma onse anayi mudzayamba kuyatsa magetsi nthawi ya nkhomaliro. Sankhani khoma limodzi, makamaka loyang'anizana ndi windo lalikulu. Ngati windolo lili chakumpoto ndiye bwino kwambiri, chifukwa m'nyengo yozizira dzuwa limadzera mbali imeneyo. Makoma enawo apatseni bambo kirimu wawo, siling'i ikhale yoyera.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine si mdima, koma chinyontho. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo njerwa zimasunga madzi nthawi yaitali. Khoma likamauma limatulutsa timchere toyera, tija mumationa m'munsi mwa nyumba zatsopano. Pa kirimu sitioneka kwenikweni, koma pa girini timachita kuonekera munthu ali pakhomo, kenako penti amatupa n'kuyamba kusupuka. Pulasitala watsopano amafuna masabata osachepera 4, koma kuno musathamange. Dikirani Sepitembala kapena Okutobala. Kuti mutsimikize, matani kapepala ka pulasitiki pakhoma ndi selotepi mbali zonse madzulo, mudzakamatule mawa lake. Mukapeza thukuta mkati mwake, khomalo silinaume. Muonenso kunja ngati madzi a padenga sakugwera m'tsinde mwa khomalo.

Ngati munayamba mwapaka laimu, ameneyo apalidwe yense, penti sagwira pa laimu. Kenako andakoti, penti woyamba wa pansi uja, ndipo muuze wopentayo amuderetseko akhale wotuwa, osati woyera mbee, kuti girini akwane msanga. Gulani penti wosungunula ndi madzi, wosanyezimira kwambiri koma wotheka kupukuta. Gulosi wa girini, wonyezimira uja, amaulula paliponse pamene womanga anaphonya ndi mpeni wake. Lita imodzi imakuta pafupifupi masikweya mita 8 mpaka 10, choncho khoma la mamita 4 m'litali, kulipaka kawiri kapena katatu, chitini cha malita 5 chikukwanirani. Mukagula zitini ziwiri, zithireni m'ndowa imodzi n'kutakasa, chifukwa penti wosakaniza kusitolo sabwera wofanana ndendende.

Ulendo woyamba khoma limaoneka la mawangamawanga. Musataye mtima, ndipo tsiku limenelo apongozi asalowe kaye.

Zoikamo musavutike n'kupita kutali. Shelefu ya matabwa a paini a ku Chikangawa, opaka vanishi, imawala mokongola pa girini ameneyu. Onjezani malichero awiri atatu pakhomapo, mkeka pansi, ndi makushoni a chitenje chachikasu. Mababu mugule a kuwala kwachikasu, oyera aja amauziziritsa mtunduwu. Masofa asagunde khoma, musiye mpata wolowa dzanja kuti mphepo izidutsa, apo ayi chuku chidzamera kuseli m'nyengo ya mvula.