Tai chi m'ndewu za RPG: yambani ndi mizu, kuvulaza kubwere pambuyo

Wowerenga wina watumiza imelo. Amatsogolera masewero a Dungeons & Dragons, omwe ndi RPG, masewero a pa tebulo omwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani ndipo madayisi ndiwo amagamula zochitika, ndipo mmodzi mwa osewera ake akufuna kusewera ngati wankhondo wa tai chi, luso la ndewu la ku China lodziwika ndi kusuntha pang'onopang'ono. Wowerengayo anatenga masitepe 24 otchuka a tai chi n'kupatsa lililonse dayisi yovulazira mdani, koma akuti pa tebulo zikungokhala nkhonya wamba zovala mayina okongola. Akufunsa kuti zalakwika pati.

Zalakwika poyambira penipeni. Masitepe 24 anakonzedwa ku Beijing mu 1956 kuchokera ku sitayilo ya Yang, kuti anthu wamba azilimbitsira thupi. Nzeru za ndewu zili m'zinthu 13 zomwe masitayilo onse amadalira: mphamvu 8, zomwe ndi peng, lü, ji, an, cai, lie, zhou ndi kao, komanso mayendedwe 5, kutanthauza kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, kumanzere, kumanja ndi kukhazikika pakati. Katswiri wa tai chi amayamba wakhudza mdani, namva kumene mphamvu yake ikulowera, namusokoneza kaimidwe. Kumenya kumabwera munthu atagwedera kale. Malamulo anu atsate ndondomeko yomweyo.

Choncho patsani aliyense amene ali m'ndewu mapointi 3 a "mizu", apadera ndi mapointi a moyo. Mizu ikafika pa 0, munthu wagwa pansi. Amene wasankha kusasuntha pa nthawi yake yosewera amabwezeretsa mzu umodzi, ndipo kumeneko ndiko kukhazikika pakati kuja. Timiyala titatu patsogolo pa wosewera aliyense tikukwanira kuwerengera.

Peng ndi mkono wopindika mozungulira womwe umalandira nkhonya osafwamphuka. Ikhale reaction, chinthu chochitika pa nthawi ya mdani: wosewera aonjezere 2 pa chitetezo chake, ndipo mdani akaphonya, awiriwo "agwirana". Popanda kugwirana kumeneku, zinazo zisaloledwe. Lamulo limeneli lokha lisintha kakomedwe ka ndewu yonse.

Lü ndiye mtima wa nkhaniyi. Mdani akubwera ndi mphamvu, iwe sulimbana naye, umatembenuza chiuno n'kuperekeza dzanja lake kumbali mpaka apitirire yekha, ngati munthu amene wakankha chitseko ndi phewa pamene wina akuchitsekula m'kati. Pa tebulo, onse awiri aponye dayisi ya mbali 20. Wa tai chi aonjezere mapointi ake a Wisdom (nzeru) m'malo mwa a Strength (mphamvu), chifukwa chikuyesedwa apa ndi luso lomva mdani lomwe amaliphunzira pa tui shou, masewero okankhana manja awiriawiri. Akapambana, mdani ataye mzu umodzi ndipo asunthidwe kumbali kabokosi kamodzi ka pa mapu osewerera, komwe ndi mafiti 5. Musaikepo kuvulaza kulikonse. Ndikudziwa kuti osewera adzadandaula, koma mukangoikapo, aliyense azingochita lü osaganizanso.

Phindu limabwera pa ji ndi an. Ji ndi kufinya kwapafupi, dzanja lina likuthandizira mkono unzake: dayisi imodzi ya mbali 6, kuonjezapo ina pa mzu uliwonse umene mdani wataya. An ndi kukankha ndi zikhatho zonse: kabokosi kamodzi pa mzu uliwonse wotayika. Cai, kukokera dzanja pansi mwadzidzidzi, ingagwetse chida. Lie ikhale njira yopinga mdani pa mwendo. Zhou ndi chigongono, kao ndi phewa, ndipo ziwirizi ziloledwe kwa yekhayo amene walowa sitepe kutsogolo atagwirana kale.

Tsopano mayina okongola aja abwerere, koma ngati mitolo ya zidutswazi. Lan que wei, kugwira mchira wa mpheta, ndi peng, lü, ji ndi an motsatizana. Popeza raundi imodzi ndi masekondi 6, igaweni m'maraundi awiri kuti mdani akhale ndi mpata woidula pakati. Lou xi ao bu ndi kuphera kumbali nkhonya kapena theche lapansi, kulowa sitepe, n'kukankha ndi chikhatho chimodzi. Dao juan gong ndi kubwerera m'mbuyo kabokosi kamodzi popanda mdani kupeza mwayi womenya, uku chikhatho chikupita kutsogolo ndi dayisi ya mbali 4 basi.

Zomwe zimaononga ndi izi. Mukalola peng kangapo pa raundi, wankhondoyo sakhudzikanso, choncho isiyeni kamodzi monga malamulo amanenera za reaction. Vuto lalikulu kuposa pamenepo ndi mdani wochenjera amene wangosiya kumenya, wosewera wanu n'kutsala akudikira. Mupatseni njira yonyengerera: asiye dala mpata, mdani aponye madayisi awiri n'kutenga yaikulu, koma akaphonyabe, lü ipambane popanda kuponya. Ikaninso chilango cha shuang zhong, cholakwika chomwe aphunzitsi amadana nacho kwambiri, cholimbana mphamvu ndi mphamvu: wokankha mdani wa mizu yonse 3 n'kulephera ataye mzu wake. Za zilombo zikuluzikulu, tsatirani lamulo la kukankha lomwe lilipo kale mu Dungeons & Dragons, loti mdani asapose wokankhayo ndi msinkhu woposa umodzi.

Ngati wosewera wanu akuopa kuti wankhondo wake azioneka wozizira, muuzeni kuti kusuntha pang'onopang'ono ndi kophunzirira chabe. Sitayilo ya Chen, yochokera m'mudzi wa Chenjiagou ku Henan, ili ndi kuphulika kwa mphamvu kotchedwa fa jin. Muloleni kamodzi pa ndewu iliyonse kuwirikiza kawiri madayisi a ji, pokhapokha mdani atatsala ndi mzu umodzi.