Nsinjiro, tiyi wamkaka ndi makhota a ku Chiweta

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a kuno ku Mzuzu. Ndaifupikitsa, dzina ndabisa:

"Ndimagwira ntchito ya kafukufuku. Mwezi uliwonse timapita ku Karonga, Nkhata Bay, pena mpaka Chitipa. Galimoto ikangoyamba kutsetsereka ku Chiweta ndimasanza. Tiyi wamkaka wa kumisonkhano amanditupitsa mimba. Miyezi iwiri yapitayo nditadya chigwada chotendera pamudzi wina, milomo inatupa, thupi lonse ziwengo, pakhosi ngati pakutsekeka. Abwana sindinawauze, ndikuopa angandichotse pamaulendo, chikhalirecho alawansi ndi imene imandilipirira lendi. Nditani?"

Achemwali, mwatchula zinthu zitatu ngati n'zofanana, koma sizifanana. Kusanza ndi mimba yotupa zimangosowetsa mtendere. Chachitatucho chimapha, ndiye tiyambire pomwepo.

Milomo kutupa ndi pakhosi kuthina mutadya zotendera, ndiye kuti chitetezo cha m'thupi mwanu chikuona chinachake m'chakudyacho ngati mdani, ndipo woyamba kumukayikira ndi mtedza. Thupi likayamba kudana nacho chinthu motere, silifuna mbale yodzaza. Chipande chimene chaomola zotendera n'kuomolanso nyemba zanu chikhoza kukwanira. Kuti ulendo wathawu zinaphwa zokha si chitsimikizo choti mawa ziphwanso. Piriton amene ambiri timayenda naye m'chikwama amathandiza kuyabwa ndi ziwengo, koma satsegula pakhosi pamene patsekeka. Pamenepo pamafunika jakisoni wa adrenaline, mwachangu, ndipo ameneyu amapezeka kuchipatala.

Choncho musananyamukenso, pitani ku Mzuzu Central Hospital kapena kulikonse kumene mumaonana ndi dokotala, mukafotokoze monga mwandifotokozera ine. Awone ngati ndi mtedzadi, akuuzeni zoyenda nazo, ndipo alembe m'buku lanu la kuchipatala. Bukulo lisamatsale m'kabati ku Chibavi inu muli ku Kameme. Mpaka tsiku limenelo, mtedza musauyandikire n'komwe, ngakhale kulawa pofuna kudziyesa.

Vuto la mtedza kwathu kuno n'loti subwera ndi dzina lake. Mukafunsa mayi wophika kuti "muli mtedza umu?" adzakana ndi mtima woyera, chifukwa m'mutu mwawo mtedza ndi wokazinga uja wa m'tijumbo. Funsani kuti "mwatendera?" kapena "muli nsinjiro?" Ili m'futali, m'phala la m'mawa, m'nkhwani, m'chisoso, komanso chiponde chopaka pabuledi wa kuresitihausi.

Tsono chimene chimatigwetsa ambiri si kusadziwa, ndi manyazi. Mwafika pamudzi, akuyalirani mphasa, mwana wabwera ndi madzi osamba m'manja, mbale zatsekulidwa pamaso pa amfumu. Ukana bwanji? Tinaleredwa kuti kukana chakudya n'kunyoza mwini nyumba, ndiye munthu umangoti ndidyeko pang'ono. Njira imene inandipulumutsa ine ndi kulankhula mphika usanakwere pamoto. Mukangomaliza malonje, kokerani pambali mayi wa pakhomopo: "Mayi, pepani, adokotala anandiletsa nsinjiro, ikangondikhudza ndimabanika. Masamba a mchere ndi tomato basi andikwanira." Sindinaonepo wokwiya ndi mawu amenewa. Amakwiya akavutika kusinja, inu n'kukankha mbale. Ndipo mawu oti "adokotala" amatseka mkangano msanga kuposa "sindikonda".

Za mkaka n'zopepuka. Mumkaka muli shuga wotchedwa lactose, ndipo akuluakulu ambiri, makamaka kuno ku Africa ndi ku Asia, mimba zawo zimachepa mphamvu yomugaya akangokula. Shugayo amakafufuma m'matumbo, ndiye mpweya, kulira kwa m'mimba, pena kutsegula. Si matenda oopsa. Imwani tiyi wopanda mkaka, kapena khofi wathu wa Mzuzu yemweyu. Ambiri amene mkaka wamadzi umawavuta amapeza kuti chambiko cha ku Karonga kapena yogati siziwavuta kwambiri, poti shuga wina amakhala atagayika kale powawasa. Yesani muli kunyumba Loweruka, osati m'mawa wa tsiku loti mukhala maola asanu m'galimoto. Koma mukadzaona mkaka ukukutupitsani milomo kapena kukutulutsani ziwengo, imeneyo ndi nkhani ina, ibwerere kwa dokotala.

Kusanza m'galimoto kumabwera maso ndi makutu zikamauza ubongo zosiyana. M'kati mwa khutu mukumva kuti thupi likupendekera uku ndi uku, maso ali pafoni akunena kuti mwakhala phee. Anthu a kafukufuku ndinu akatswiri pa zimenezi, mumakonza mafomu patabuleti galimoto ili pamakhota. Ikani pansi. Yang'anani kutsogolo, patali, zenera likhale lotsegula pang'ono. Musanyamuke ndi njala, musanyamukenso mutakhuta tchipisi cha mafuta. Kachidutswa ka jinja kutafuna kamathandiza ena. Mapiritsi ngati promethazine amagwira ntchito mukamwa ulendo usanayambe, osati nseru itafika kale, koma amagonetsa, ndiye mukhoza kufika ku Karonga mutu uli zii pomwe mukuyenera kufunsa anthu mafunso. Mankhwala enieni ndi mpando wakutsogolo. Ndikudziwa, umenewo ndi wa abwana. Pemphani kuti mungokhalapo potsika ku Chiweta ndi pamsewu wa ku Nkhata Bay. Bwana amene anaimitsapo galimoto katatu kuti munthu asanze sakana.

Simunafunse za kutsegula m'mimba, koma woyenda aliyense kumamupeza. Ine kunandipeza chaka china ndikuchokera ku Lilongwe. Tinaima pamalo ena pamsewu wa M1, ndinagula kanyenya ndi kasaladi ka kabichi pambali. Nyamayo inali yotentha, yochoka pachiwaya. Kabichiyo ndi amene anatsukidwa m'chidebe chomwe ndinachiona ndi maso anga, n'kunyalanyaza. Mawa lake, tili mu Chikangawa kubwerera kukagwira ntchito ku Mzimba, ndinadziwana ndi mitengo ya paini yambiri kuposa mmene ndinkafunira, kunja kuli chifunga ndi kamvula kaja kosatha. Kuyambira pamenepo ndimadya chotentha chimene chaphikidwa ndikuona, ndi chipatso choti ndisenda ndekha. Nthochi kuno sizisowa.

M'chikwama muzikhala mapaketi a Thanzi ORS. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, kumwa pang'onopang'ono, zotsala kutaya pakatha maola 24. Chimene chimafoola munthu ndi kutha madzi m'thupi. Musathamangire kugula Bactrim kapena Flagyl pagolosale, nthawi zambiri kutsegula m'mimba kumaleka kokha, ndiponso Bactrim yemweyo ena amawatulutsa ziwengo zoopsa. Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi litatentha, kapena chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Kolera imene inayamba mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja sanasiyidwe.

Chinanso: ife a pa Mzuzu kuzizira kumatipusitsa, timaiwala neti tikamatsikira kunyanja. Malungo saonekera tsiku lomwelo, amadikira sabata kapena kuposerapo, mutabwerera kale kuofesi, ndipo pena amabwera ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba, inu n'kumanamizira kondowole. Thupi likatentha, kayezetseni. Akakupatsani LA adzakuuzani kuti mumwere chakudya cha mafuta, ndipo kawirikawiri amatchula mkaka kapena mtedza, zonse ziwiri zosakuyanjani. Peyala kapena ndiwo zokazingira zigwira ntchito yomweyo. Mukakhala kutali ndi chipatala mutasowa wofunsa, Chipatala cha pa Foni chimayankha pa 929.

Za abwana tsopano. Mantha anu ndikuwamvetsa. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapereka masabata anayi a tchuthi chodwala pamalipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka, koma kwa amene wagwira miyezi 12 mosadukiza, ndipo ambiri a kafukufuku muli pamakontirakiti a miyezi yochepa. Ndiye sindikunamizani kuti pepala likutetezani. Komabe wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukadzagwa pamudzi wa ku Misuku anzanu osadziwa chimene chakugwetsani, adzayamba kukupemererani ndi kukumwetsa madzi, nthawi ikupita. Musapite kwa abwana ndi dandaulo, pitani ndi dongosolo: sindidya nsinjiro, kalata ya dokotala nayi, kamba ndimanyamula wanga, ntchito ndigwira monga kale. Kenako muuze dalaivala, chifukwa tsiku loipalo amene adzakupulumutseni ndi iyeyo. Adziwe kuti mukangoti "pakhosi", asafunse zambiri, alize galimoto kulunjika chipatala chapafupi. Ndipo pofika pamalo atsopano, musanatulutse tabuleti, funsani eni mudzi kuti chipatalacho chili mbali iti.