Kodi atsikana akamachoka m'timu, mphunzitsi ndiye wolakwa?

Mwafunsa ngati kuchoka kwa osewera ambiri m'timu ya basketball ya atsikana a pa yunivesite ku America ndi umboni wakuti mphunzitsi wawo ndi woipa. Ine ndikuona kuti chiwerengero chokha sichikwanira kumuweruza munthu, chifukwa malamulo anasintha. Bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewera a m'mayunivesite ku America, linakhazikitsa transfer portal (kaundula wa osewera ofuna kusamukira ku sukulu ina) mu 2018, ndipo kuyambira mu 2021 wosewera amatha kusamukira ku sukulu ina n'kuyamba kusewera nthawi yomweyo, pamene kale ankayenera kukhala chaka chathunthu akungoonerera anzake.

Komabe nthawi zina kuchokako kumaulula vuto lenileni. Ku yunivesite ya Syracuse, atsikana oposa 10 anachoka mu 2021, kenaka kunamveka madandaulo akuti mphunzitsi Quentin Hillsman ankawaopseza ndi kuwachitira nkhanza. Yunivesiteyo inaitana maloya akunja kuti afufuze, ndipo iye anatula pansi udindo mu Ogasiti chaka chomwecho, ngakhale kuti ndiye anafikitsa timuyo mu fainolo ya chikho cha NCAA ya 2016. Zimandipweteka kuti madandaulowo anamveka bwino atsikanawo atanyamula kale zikwama zawo. Mmodzi mwa iwo, Kamilla Cardoso, anapita ku South Carolina kumene anakapambana chikho kawiri.

Nkhani ya ku Maryland ndi yosiyana. Angel Reese anachokako mu 2022 n'kukapambana chikho ndi yunivesite ya Louisiana State (LSU) mu 2023, koma mphunzitsi Brenda Frese anamanganso timu yomwe chaka chomwecho inafika m'gulu la matimu asanu ndi atatu omaliza.